Pamene Zathina: Chimake cha Mavuto M'nkhani za Chikondi

Mu 1847 Charlotte Brontë wa ku England anatulutsa buku lotchedwa Jane Eyre, ndipo m'mutu 26 wa bukulo muli ukwati umene unalephereka akwati ali kale m'tchalitchi. Jane, mtsikana wamasiye amene analembedwa ntchito yophunzitsa mwana m'nyumba yaikulu ya Thornfield Hall, waima kutsogolo pamodzi ndi mwini nyumbayo, Edward Rochester. M'busa atafunsa ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa awiriwa kukwatirana, loya wina dzina lake Briggs akutulukira n'kuulula kuti Rochester ali naye kale mkazi, Bertha Mason, amene anamukwatira ku Jamaica zaka 15 zapitazo. Mkaziyo ndi wamoyo, anadwala misala, ndipo amatsekeredwa m'chipinda chapamwamba m'nyumba yomweyo imene Jane wakhala akugonamo. Aliyense amene anawerengapo nkhani ya chikondi, kaya buku lonenepa la Chingerezi, kaya kankhani ka tsamba limodzi m'nyuzipepala ya Loweruka, amawadziwa malo amenewa. Ndi pamene zathina, pamene owerenga, amene anali atayamba kale kukonzekera nthungululu, aona kuti awiriwa sangakhalenso pamodzi ndipo palibe njira yooneka yowabwezera.

Akatswiri a zolembalemba anawapatsa mayina malowa. Pamela Regis wa ku America, m'buku lake la mu 2003 lotchedwa A Natural History of the Romance Novel, anatchula zinthu 8 zimene sizisowa m'nkhani ya chikondi. Mwa izo muli chopinga cholekanitsa okondanawo, ndiponso nthawi imene chiyembekezo chonse chimafa, imene iye potengera Northrop Frye wa ku Canada anaitcha imfa yamwambo. Olemba mabuku achikondi a masiku ano amangoti black moment. Chimene ndikutsindika pano n'chakuti pothina pabwino sipachokera ku tsoka logwa modzidzimutsa. Pamachokera m'khalidwe la okondanawo: mantha awo, kunyada kwawo, chinsinsi chawo, kapena chinthu chabwino chimene sangachitaye ngakhale atalonjezedwa chikondi chenicheni. Wolemba amene wamvetsa izi amayamba kukonza nkhani yake kuchokera pothinapo, n'kumabwerera m'mbuyo mpaka tsamba loyamba. Amene sanamvetse amalemba mitu yokoma yambirimbiri, kenaka masamba akatsala pang'ono kutha amayamba kusakasaka ngozi yoti ilekanitse anthu amene iye mwini sanawapatse chifukwa chosiyanirana.

Tibwerere kwa Jane. Wina angaganize kuti chimake cha mavuto ake ndi kuulula kwa Briggs, koma kuwawa kwenikweni kuli m'mutu wotsatira, pamene Rochester akumudandaulira kuti athawire limodzi kumwera kwa France akakhale ngati banja, popeza Jane alibe mbale woti angamuchititse manyazi. Jane amamukonda munthuyu ndi mtima wonse, ndipo palibe wina padziko amene anamukondapo chotero. Komabe m'bandakucha akutuluka m'nyumbamo ali ndi mashileni 20 okha, amene akutheranso pa ngolo, mpaka akufika popemphetsa chakudya m'makomo mwa anthu. N'chifukwa chiyani owerenga amakhulupirira kuti mtsikanayu angachitedi zotere? Chifukwa Brontë anayamba kutikonzekeretsa kuyambira pachiyambi. Tinamuona Jane ali mwana akuzunzidwa ndi Mayi Reed, mkazi wa malemu amalume ake. Tinamuona ku sukulu ya Lowood akugona ndi njala ndi kuchititsidwa manyazi pagulu. M'zonsezi anaphunzira kuti chuma chake chokha ndi ulemu umene amadzipatsa yekha. Ukwati usanafike n'komwe, tinamuona akusowa mtendere ndi madiresi ndi zibangili zodula zimene Rochester ankafuna kumuveka. Ndipo tsiku lomwelo la kudandaula, Rochester akumufotokozera za akazi atatu amene anakhalapo nawo popanda ukwati, ndi mmene amanyansidwira akawakumbukira, moti Jane akuona yekha kumene iyenso angadzathere. Chinsinsi cha m'chipinda chapamwamba nachonso sichinagwe mwadzidzidzi: kunali kuseka kwachilendo usiku, bedi la Rochester linayaka moto, mlendo wochokera ku Jamaica anavulazidwa, nsalu ya kumutu ya mkwatibwi inang'ambidwa. Tsiku la ukwati likamafika, owerenga amadzidzimuka, koma akayang'ana m'mbuyo amavomereza kuti sizikanatha mwanjira ina.

Yerekezani zimenezi ndi pothina pamene pafala m'nkhani zolembedwa mofulumira ndi m'mafilimu ambiri. Mtsikana waona chibwenzi chake chikukumbatira mkazi wina pa depoti, kapena wapeza uthenga wokayikitsa m'foni, ndiye wathetsa chibwenzi osafunsa kanthu. Pakutha pa nkhani zikudziwika kuti mkazi uja anali mlongo wake wochokera kumudzi. Pali muyeso wosavuta woyesera pothina pamtundu uliwonse: mukawakhazika pansi awiriwa kwa mphindi zisanu, aliyense n'kunena zoona zokhazokha, kodi vuto latha? Ngati latha, ndiye kuti panalibe vuto, panali wolemba amene anawatseka pakamwa anthu ake kuti nkhani italike. Jane ndi Rochester anauzana zoona zonse tsiku lomwelo, ndipo zoonazo ndi zimene zinawalekanitsa. Woumba mbiya amadziwa kuti imene yasweka pootcha siinaswedwe ndi moto. Inali ndi kamwala kamene kanatsalira m'dongo tsiku louumba, moto wangokaonetsa poyera. Ntchito ya wolemba ndi kuika kamwalako mwadala m'mitu yoyambirira, ndi kudziwa bwino pamene kali.

Apa wina atsutsa, ndipo kutsutsa kwake n'kwanzeru. Pa moyo weniweni anthu amalekanitsidwa ndi zinthu zimene sanazipange: matenda, nkhondo, uchimo wa mbale. Ngakhale m'buku lotchuka kwambiri la chikondi, Pride and Prejudice la Jane Austen la mu 1813, chimene chikugwetsa zonse si Elizabeth Bennet kapena Darcy, koma mng'ono wake wa Elizabeth, Lydia, wa zaka 16, amene akuthawa ku Brighton ndi msilikali George Wickham popanda ukwati. Kodi imeneyi si ngozi yochokera kunja? Tiyang'anitsitse. Pamene Darcy anafunsira Elizabeth koyamba, m'mutu 34, anachita monyada, akutchula poyera kutsika kwa banja la mtsikanayo, ndipo anakanidwa mwaukali. M'kalata imene anamupatsa m'mawa mwake anadzudzula kusadziletsa kwa mayi ndi ang'ono ake a Elizabeth, n'kuululanso kuti Wickham anafunapo kuthawitsa mlongo wa Darcy, Georgiana, ali ndi zaka 15, pofuna chuma chake cha mapaundi 30,000. Darcy anabisira anthu nkhaniyi poteteza dzina la banja lake. Elizabeth nayenso, atakambirana ndi mkulu wake Jane, anasankha kukhala chete. Bambo awo anachenjezedwa kuti asalole Lydia kupita ku Brighton, koma anafuna mtendere m'nyumba koposa kulimbana ndi mwana. Choncho makalata a uthenga woipawo akamupeza Elizabeth ku Lambton, m'mutu 46, tsokalo lili ndi zala za aliyense. Chopweteka koposa n'chakuti likutsimikizira chinthu chenicheni chimene Darcy ananyozera banjalo, ndipo likufika pa nthawi imene Elizabeth wangozindikira kuti munthu amene anamukana uja akanatha kumukonda. Ku England wa nthawi imeneyo manyazi a mtsikana mmodzi ankatsekera ukwati abale ake onse, moti msuweni wawo Collins analembera bambowo kalata yosonyeza kuti imfa ya mwanayo ikanakhala yopepukirapo. Ngozi yochokera kunja ndi yololedwa ndithu, koma iyenera kumenya pa bala limene owerenga analiona kale. Lydia akanangodwala malungo kapena kugwa pa kavalo, Elizabeth akanalira, koma pakati pa iye ndi Darcy sipakanasintha kanthu.

Phindu lina la pothina potere n'lakuti pamalamula pokha mmene nkhani iyenera kuthera, ndipo wolemba savutika kupeka chozizwitsa. Popeza tchimo la Darcy linali kunyada ndi kubisa, malipiro ake ndi kudzitsitsa. Akupita ku London kukasaka Wickham, munthu amene amadana naye koposa onse, akumulipirira ngongole, akumugulira udindo ku usilikali, akuimirira pa ukwati wake ndi Lydia, n'kupempha kuti zonsezi zisamveke. Akatero n'kudzafunsiranso Elizabeth, akudziwa kuti iye ndi Wickham adzakhala akamwini a nyumba imodzi moyo wawo wonse. Mphatso yodula kapena mawu okoma sizikanakwanira, chifukwa sizikanakhudza chimene chinawalekanitsa. Aristotle anaiona mfundo imeneyi zaka zoposa 2,300 zapitazo polemba za masewero a Agiriki, pamene ananena kuti kumasuka kwa mfundo ya nkhani kuzichokera m'nkhani momwemo, osati kwa mulungu wotsitsidwa ndi makina pamapeto.

Sikuti kusamvetsetsana kulikonse n'kwachabe. M'buku la North and South la Elizabeth Gaskell la mu 1855, mwini fakitale ya thonje John Thornton akuona Margaret Hale madzulo pafupi ndi siteshoni ya sitima ali ndi mnyamata wachilendo, kenaka akumva kuti Margaret wanamiza wapolisi kuti sanali kumeneko. Pamwamba pake zikufanana ndi nkhani ya pa depoti ija, pakuti mnyamatayo ndi mlongo wa Margaret, Frederick. Kusiyana kwake n'kwakuti Frederick akusakidwa chifukwa choukira mkulu wa sitima yankhondo ya pamadzi, wabwera mobisa kuchokera ku Spain kudzaona mayi ake akumwalira, ndipo akagwidwa akhoza kunyongedwa. Margaret atseka pakamwa chifukwa kulankhula kungaphe munthu. Kuwonjezera apo, iye ndi amene ankayang'anira pansi Thornton ngati wamalonda wopanda ulemu, ndipo tsopano ndi iye amene wagwa m'maso mwake ngati wabodza. Kukhala chete kumene kuli ndi mtengo wotere kumapirira muyeso wa mphindi zisanu uja.

Nanga pothina paikidwe pati? Pride and Prejudice lili ndi mitu 61, ndipo uthenga wa Lydia uli m'mutu 46. Jane Eyre lili ndi mitu 38, ndipo ukwati ukulephereka m'mutu 26. Ngakhale timabuku tating'ono ta Mills & Boon, kampani imene inayamba ku London mu 1908 n'kugulidwa ndi Harlequin ya ku Canada mu 1971, nthawi zambiri timaika kusweka mtima chakumapeto. Chifukwa chake n'chomveka: munthu sangalire chinthu chimene sanachigwirepo, choncho okondanawo ayenera kuyamba alawa chimwemwe chokwanira kuti kuchitaya kupweteke. Koma cholakwa chofala si kufulumira, ndi kuchedwa. Wolemba akaika kusweka mtima masamba atatu nkhani isanathe, kukhululukirana kumabwera mwamsangamsanga, owerenga n'kutseka buku asakukhulupirira kuti wina wasinthadi. Austen anasiya mitu 11 pakati pa uthenga wa Lydia ndi kufunsira kwachiwiri, ndipo Brontë anamusunga Jane kutali ndi Rochester pafupifupi chaka chathunthu.

Kutsutsa kwachiwiri kumachokera kwa amene sakonda mabuku amtunduwu. Amati zonsezi n'zachinyengo, popeza owerenga amadziwa kale kuti awiriwa adzakwatirana. N'zoona kuti amadziwa. Bungwe la Romance Writers of America, limene linakhazikitsidwa mu 1980, limanena kuti buku lachikondi liyenera kukhala ndi chikondi pakati pa nkhani ndi mathero osangalatsa opatsa chiyembekezo, ndipo wogula buku lotere amagula lonjezo limenelo. Koma kudziwa mathero sikunaletsepo munthu kumvetsera nthano. Ana amene amva kakhumi nthano ya Kalulu amadziwa kuti apulumuka, komabe amatchera khutu kuti amve mmene apulumukire. Funso la owerenga nkhani ya chikondi si lakuti kodi adzakwatirana, koma lakuti munthu wonyada chotere angasinthe bwanji, ndipo adzataya chiyani kuti asinthe. Kudziwika kwa mathero kumamuwonjezera wolemba ntchito, pakuti sangadalire kubisa zotsatira. Chomwe chamutsalira ndi kupanga chopinga choona kwambiri mwakuti owerenga, ngakhale akudziwa kuti chidzachoka, alephere kuona pochotsera pake.

Masiku ano pali owerenga ena amene atopa ndi kuthetsa chibwenzi kwa chakumapeto, ndipo amayamikira mabuku amene alibe zimenezi. Kutopa kwawo n'komveka, koma chimene chawatopetsa ndi pothina pongopeka, pobwera chifukwa chakuti mwambo wa kalembedwe umafuna patero. Pothina sipafuna kuti wina amenyetse chitseko. M'buku lomaliza limene Austen anamaliza kulemba, Persuasion, limene linatuluka mu December 1817 iye atamwalira kale, chibwenzi chinatha nkhani isanayambe. Anne Elliot ali ndi zaka 19 anamvera malangizo a Lady Russell n'kusiya Frederick Wentworth chifukwa analibe chuma, ndipo buku likuyamba patapita zaka 8, Wentworth atabwerako ali wolemera koma mtima udakali ndi chilonda. Mdima wa Anne ndi wachete: kukhala m'chipinda chimodzi ndi munthu amene amamukondabe, kumuona akucheza ndi Louisa Musgrove, osakhala ndi ufulu wonena kanthu. Umboni wakuti Austen ankalimbana ndi mfundo imene tikukambiranayi ulipo wogwirika. Mu July 1816 analemba mathero oyamba, mmene Wentworth akutumidwa ndi Admiral Croft kukafunsa Anne ngati n'zoona kuti akukwatiwa ndi msuweni wake, ndipo poyankha kuti ayi zonse zikukonzeka. Sanakhutire nawo, ndipo pofika kumayambiriro kwa August anali atalembanso. M'mathero atsopano, m'nyumba ya alendo ya White Hart ku Bath, Anne akutsutsana ndi Captain Harville za amene amakonda nthawi yaitali pakati pa amuna ndi akazi, Wentworth akumva ali pa tebulo, n'kulemba kalata pomwepo. Kusinthaku kuli ndi tanthauzo lalikulu. Vuto la Anne linali lakuti analola ena kumulankhulira, ndiye sikunali koyenera kuti chimwemwe chake chibwere kudzera mwa wotumidwa. Anayenera kutsegula pakamwa yekha. Masamba oyamba aja akusungidwa ku British Library, ndipo ndi okhawo olembedwa pamanja amene anatsala mwa mabuku 6 a Austen amene anasindikizidwa.

Kutsutsa kolemera kuposa konse n'kokhudza khalidwe. Janice Radway, m'buku lake la mu 1984 lotchedwa Reading the Romance, atacheza ndi amayi okonda mabukuwa m'tauni ina ya ku America, anaonetsa kuti nkhani zambiri zimatenga nkhanza kapena kuuma mtima kwa mwamuna n'kuzimasulira pamapeto ngati chizindikiro cha chikondi chobisika. Ngati zili choncho, pothina pakhoza kuphunzitsa mtsikana kupirira zimene sayenera kupirira. Chenjezoli ndi loona ndipo wolemba aliyense alisunge. Yankho lake lili pa funso lakuti ndani akulipira. Ngati mwamuna walakwa koma wovutika, wodikira ndi wokhululuka ndi mkazi yekha, nkhaniyo yanama. Jane Eyre sanapirire, anachoka, ndipo anabwerera ali ndi chuma chake cha cholowa, atakananso kukwatiwa ndi St John Rivers amene ankamufuna ngati wothandiza pa ntchito ya umishonale ku India popanda chikondi. Ngakhale zili choncho, buku la Brontë lili ndi banga limene sitiyenera kulibisa. Chopinga chikuchoka chifukwa Bertha watentha nyumba n'kudziponya pansi kuchokera padenga, ndiye chimwemwe cha awiriwa chaima pa imfa ya mkazi wodwala amene nkhani siinamupatse mawu. Jean Rhys wa ku Dominica anapwetekedwa ndi zimenezi mpaka mu 1966 anatulutsa Wide Sargasso Sea, kufotokoza moyo wa mkaziyo kuchokera kumbali yake. Pothina pa Brontë panakonzedwa mwaluso losowa, koma potulukira pake anadalira moto, ndipo m'menemo Austen anamuposa.

Owerenga a kwathu kuno nkhanizi si zachilendo kwa iwo. Mabuku a Pacesetters, amene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977 ndipo Dede Kamkondo wa ku Malawi analembamo, ankapatsirana m'masukulu mpaka zikuto kuthothoka, ndipo nkhani zachikondi zimadzaza masamba a Chichewa m'nyuzipepala ndi masewero a pa wailesi. Wolemba m'Chichewa sasowa zopinga zoona. Pali mnyamata wa kumpoto kumene amalowola amene wakonda mtsikana wa kwa eni chikamwini, ndipo wina ayenera kusiya mudzi ndi munda wake. Pali wopita ku Joni amene walonjeza chaka chimodzi n'kukhala zisanu. Pali zotsatira za kuyezetsa magazi zimene wina wazisunga mumtima poopa kusiyidwa, pali kusiyana chipembedzo, pali banja limene lakhala zaka popanda mwana achibale n'kuyamba kunong'ona. Chilichonse mwa izi chimakakamiza munthu kusankha pakati pa zinthu ziwiri zimene zonse ndi zake. Palinso chinthu chimene wolemba wa ku London sachiganizira koma wa kuno sangachilumphe: ankhoswe. Kwathu mkangano wa awiri sukhala wa awiri okha, ndipo owerenga adzafunsa chifukwa chimene amalume ndi ankhoswe sanaukonzere. Pothina pabwino payenera kukhala pamene ngakhale ankhoswe akhala pansi, amva mbali zonse, n'kupeza kuti aliyense ali ndi mfundo. Chimene ndikupempha olemba athu kuti achepetse ndi mankhwala achikondi ndi ufiti ngati chifukwa cholekanitsira okondana, pakuti munthu wodyetsedwa sanasankhe kanthu, ndipo amene sanasankhe alibe choti alape kapena kusintha. Inu amene muli ndi nkhani ya chikondi m'kope lanu, musanalembe mutu wina, lembani m'chiganizo chimodzi chinthu chimene mnyamata wanu sangalole kutaya, m'chiganizo china chimene mtsikana wanu amaopa koposa, ndipo muone ngati zonse ziwiri zikuoneka kale m'mitu itatu yoyamba. Ngati palibe, bwererani mukaziikemo.